Eusébio: mwana wa ku Mafalala amene zigoli zake zinalemeretsa Benfica

Pamene anthu akukambirana za womwetsa zigoli wamkulu amene anabadwira m'dziko la Mozambique, dzina la Eusébio da Silva Ferreira silisowa. Koma achinyamata ambiri amadabwa kuti bwanji katswiriyu sanamwetsere zigoli zake kuno kwathu. Yankho lagona pa mmene mpira unkayendetsedwera nthawi ya atsamunda achipwitikizi.

Eusébio anabadwa pa 25 Januwale 1942 ku Mafalala, dera la anthu osauka mumzinda wa Lourenço Marques, womwe lero ndi Maputo. Bambo ake, omwe ankagwira ntchito ku njanji, anamwalira iye ali ndi zaka 8. Anayambira pa mpira wa nsanza, wopanda nsapato, kenaka analowa timu ya Sporting de Lourenço Marques, imene inadzatchedwa Maxaquene dziko litalandira ufulu.

Nthawi imeneyo matimu akuluakulu a kuno anali ngati nazale ya matimu a ku Portugal: mbande ikakula, ankaizula kukaiwokera ku Lisboa. Timu ya Eusébio inali pa ubale ndi Sporting ya ku Lisboa, choncho a Sporting ankati mnyamatayo ndi wawo. Koma a Benfica anawapita kutsogolo, n'kukagwirizana ndi mayi ake, a Elisa. Atafika ku Portugal mu Disembala 1960, ali ndi zaka 18, a Benfica anakamubisa ku Lagos, m'chigawo cha Algarve, poopa kuti a Sporting amulanda. Mkanganowo unamukhazika pansi mpaka mu Meyi 1961.

Atangololedwa kusewera, zigoli zinayamba kugwa. Mu 1962, mumzinda wa Amsterdam, anamwetsa ziwiri pomwe Benfica inagonjetsa Real Madrid 5-3 n'kutenga chikho cha matimu a ku Ulaya. Mu 1965 anapatsidwa Ballon d'Or, imene nthawi imeneyo inali mphoto ya wosewera woposa onse ku Ulaya, ndipo mu 1968 ndi 1973 anatenga nsapato yagolide. Pa zaka 15 zimene anakhala ku Benfica anatenga ligi ya Portugal maulendo 11, n'kumwetsa zigoli 473 pa masewero 440.

Chikho cha Ulaya chokha sichinabwerenso. Benfica inagonja mu ndime yomaliza mu 1963, 1965 ndi 1968, ngakhale kuti mu 1963 Eusébio ndiye anayamba kugoletsa polimbana ndi Milan.

Matimu olemera a ku Italy anamufuna, koma sanachoke ku Benfica. Masiku amenewo wosewera sankachoka popanda chilolezo cha timu yake, ngakhale mgwirizano utatha. Mawondo ake anachitidwa opaleshoni kangapo, ndipo pomwe ankamasulidwa mu 1975, chaka chimene Mozambique inalandira ufulu, liwiro lake linali litachepa. Anakasewera ku America, Mexico ndi Canada, komwe anatenga ligi ndi Toronto Metros-Croatia mu 1976, komanso m'matimu ang'onoang'ono a ku Portugal monga Beira-Mar.

Timu ya dziko lathu inayamba kusewera iye atatumikira kale Portugal, n'chifukwa chake sanavalepo yunifolomu ya Mambas. Anamwalira ku Lisboa pa 5 Januwale 2014, ndipo chaka chotsatira thupi lake analisamutsira ku Panteão Nacional, komwe Apwitikizi amagoneka ngwazi zawo.