Makochi a m'mabwalo a fumbi ku Machinga ndi Balaka

Dzuwa likapendeka ku Liwonde, ku Ntaja, ku Ulongwe kapena pa Phalula, bwalo la sukulu limene linali zii masana limayamba kufuka fumbi. Uku anyamata akulimbirana chikopa, uko atsikana ali kalikiliki ndi mpira wa manja, ndipo chapakati pali munthu wa wezulo m'khosi amene onse akumuitana kuti "Kochi". Dzina lake silimveka pa wailesi, malipiro alibe, koma ndiye amene mwana wa kuno amayamba kukumana naye pa ulendo wa zamasewera.

Makochi a maboma awiriwa ali m'magulu angapo. Oyamba ndi aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale ndi sekondale amene anapatsidwa udindo woyang'anira masewera. Iwowa amatuluka m'kalasi choko chili m'manja, n'kulunjika ku bwalo kukakonzekeretsa ana mipikisano ya bungwe la masewera a m'sukulu la MASSA. Ena ndi osewera akale a matimu a m'midzi amene maondo anawakana koma mtima ukadali pa mpira. M'mawa mmodzi ali pa kabaza, wina akugulitsa nsomba za ku Chilwa kapena ku Chiuta, wina ali pa makina osokera. Madzulo onsewa ndi makochi. Palinso a magulu a achinyamata a ku tchalitchi, ku mzikiti ndi a mabungwe. Amene ali ndi mapepala a maphunziro a ukochi ndi ochepa, ndipo amapezeka kwambiri m'matauni ngati Balaka ndi Liwonde.

Ntchito imayamba ana asanafike. Kochi amalemba mizere ya bwalo ndi phulusa kapena kuikumba ndi khasu, amadzutsa mitengo ya bulugamu ya pagolo imene chiswe chagwetsa, amapita ndi mpira wophulika kwa wosoka nsapato. Wa mpira wa manja amafunafuna wowotcherera zitsulo kuti amupangire mkombero, n'kuukhomerera pa mtengo pa msinkhu wa mamita 3.05 monga malamulo anenera. Kenako pamabwera kuphunzitsa kwenikweni. Mtsikana amene wangoyamba kumene amawakha mpira n'kuthamanga nawo. Kochi woleza mtima amamuimika, n'kumuonetsa phazi limene latera poyamba, kuti likanyamuka lisapondenso pansi mpira usanachoke m'manja, ndiponso kuti mpirawo sukhala m'manja kupitirira masekondi atatu. Amabwereza mpaka miyendo itazolowera yokha. Luso limene timaombera m'manja timu ya dziko ya ma Queens ikamasewera kunja limabadwira pa zinthu zing'onozing'ono zoterezi.

Kochi wa kuno amayeneranso kudziwa kalendala ya anthu ake. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa Balaka ndi chigwa cha Shire sikulola kuthamangitsa ana dzuwa lili paliwombo. Mvula ikagwa, theka la timu lili ku munda. M'madera ambiri a Machinga ana amapita ku madrasa akaweruka kusukulu, m'mwezi wa Ramadan osewera akuluakulu amakhala akusala, ndipo pa tchuthi chachikulu ena amakhala ku jando ndi ku nsondo. Kochi amene sagwirizana ndi makolo, mafumu, mashehe ndi abusa amapezeka ali yekha pabwalo ndi wezulo wake.

Nanga amadya chiyani? Kunena zoona, pa ntchitoyi sadyapo. Ndalama ya mpira, ya yunifomu kapena ya lole yopitira kokasewera imachokera m'zopereka za osewera, kwa wamalonda wokonda timu, kapena pa ganyu amene timu yonse yagwira m'munda wa munthu. Kangachepe kamaoneka pa bonanza kapena pa zikho za andale, zimene zimachuluka chisankho chikayandikira n'kuzimirira chikadutsa. Ku America munthu wofuna kuphunzira masewera amasankha mphunzitsi n'kumulipira pa ola. Kwathu kuno kholo silitulutsa ndalama, ndipo mwina n'chifukwa chake ambiri safunsa n'komwe kuti amene amakhala ndi mwana wawo madzulo aliwonse ndi ndani. Chonsecho chimene chaperekedwa m'manja mwa kochi ndi thupi la mwana, khalidwe lake ndi sukulu yake.

Kochi wabwino sadziwika ndi chikho chimene chili pa tebulo la ahedi. Amadziwika pa tsiku wamba la zokonzekera, ndipo kholo liyenera kupita kukaima m'mbali mwa bwalo n'kuona lokha. Kodi ana onse akukhudza mpira, kapena ndi odziwa kale okha pamene enawo akutola mipira kutchire? Mwana akalakwitsa, akuuzidwa chochita kapena akungotukwanidwa? Wovulala akupumitsidwa, kapena akuuzidwa kuti alimbe mtima? Madzi akumwa alipo? Ana akuweruka kusanade? Kochi amene amalowetsa mnyamata wa ndevu m'timu ya ana a pulayimale akuphunzitsa onsewo kuti chinyengo n'chololedwa. Amene amathamangira kwa sing'anga usiku woti mawa kuli mpira akuwauza kuti thukuta n'lopanda ntchito. Mmera mpoyamba, ndipo zimene mwana waphunzira pabwalo amapita nazo kutali.

Pa atsikana m'pofunika maso awiri. Machinga ndi limodzi mwa maboma amene akulimbana ndi maukwati a ana, ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Timu yoyendetsedwa bwino imagwira mtsikana pa sukulu, chifukwa kochi wanzeru salola wojomba m'kalasi kuvala yunifomu. Koma timu ya atsikana isamayende ulendo popanda mayi wamkulu woiperekeza, ndipo kochi amene amaitana mwana payekha kunyumba kwake asapatsidwe mpata wachiwiri.

Umboni woti bwalo la kumudzi limabala akatswiri tili nawo. Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse lapansi cha mpira wa manja ku Sydney mu 2015, anayambira kumudzi ku Mzimba. Akatswiri a mpira wa miyendo Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi. Mu 2018 ma Queens anagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53. Palibe chimene chingaletse mwana wa ku Nsanama kapena ku Utale kufika pamenepo, akapeza womuyambitsa bwino.

Choncho mabungwe oyendetsa mpira wa miyendo ndi wa manja a FAM ndi NAM, pamodzi ndi makhonsolo a Machinga ndi Balaka, achulukitse maphunziro oyambira a ukochi pafupi ndi kumene makochiwa amakhala, pa mtengo umene wakabaza angaufikire, ndipo aphatikizemo chithandizo choyamba kwa wovulala ndi katetezedwe ka ana. Makolo nawo ali ndi gawo lawo: kumudziwa kochi, kumuthandiza pamene akuchita bwino, ndi kumuchotsera mwana pamene akusokoneza.