A mafizo aphunzirire ntchito kumene wodwala amakhala

Munthu akagwa ndi sitiroko, dokotala amalimbana ndi BP mpaka moyo utapulumuka, kenako amamutulutsa. Zoti adzayendanso, adzagwiranso khasu kapena kudzidyetsa yekha nsima zimatsalira gulu lina lomwe sitilitchula kawirikawiri: a mafizo, opanga miyendo ndi zitsulo zothandizira kuyenda, ndi amene amawongola mapazi opindika a makanda ndi pulasitala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse ali ndi ulumali, pamene ophunzira ntchitoyi ndi ochepa. Ku Blantyre, chipatala cha Kachere, cha bungwe la MAP lomwe linayamba ndi kulimbana ndi poliyo, chakhala chikusula othandiza pa mafizo, ndipo sukulu ya madokotala, yomwe lero ili mu yunivesite ya KUHeS, inatsegula digiri ya mafizo mu 2010. Poti ndi ochepa chonchi, kaphunzitsidwe kawo nkofunika kukaganizira mofatsa, ndipo maganizo anga ndi akuti gawo lalikulu la maphunziro awo lichitikire m'makomo a odwala.

M'wodi muli bedi lokwera, pansi posalala ndi zitsulo zogwirira. Agogo amene ayenda mapazi khumi m'menemo akafika kwawo amagona pamphasa, chimbudzi ndi chokumba chofuna kunjuta, ndipo njira yopitako ndi yamchenga, moti njinga ya olumala imatitimira. Wophunzira amene sanaone zimenezi amalemba kuti wodwala wachira pomwe munthuyo akukangokhala m'nyumba. Amene wafika pakhomopo amadziwa kuti mankhwala ena ndi mpando wobowola wa kuchimbudzi, mitengo iwiri yokumbira pabwalo yophunzirira kuyenda, kapena kampando kokhazika mwana amene anafa ziwalo ndi malungo a mu ubongo kuti azidya osatsamwa. Amadziwanso kuti amene adzachititse mafizo tsiku ndi tsiku ndi gadiyani, kawirikawiri mayi kapena mwana wamkazi yemwe ali kale ndi munda ndi mtondo. Kumuphunzitsa mayi ameneyu, m'chinenero chake, mafizo atatu okha amene angawakwanitse ndi luso palokha, ndipo limafunika mayeso ake. Kumudzi nkomwenso wophunzira amakumana ndi banja lokhulupirira kuti mwana wawo analodzedwa, n'kuphunzira kulankhula nalo mopanda kulinyoza.

Ena amati izi n'zodula: galimoto, mafuta ndi aphunzitsi oyang'anira, amenenso ndi ochepa, pomwe mzere wa othyoka pa ngozi za kabaza ukudikira kuchipatala. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo palibe akuti wophunzira asiye wodi. Kapangidwe ka thupi ndi kagwiridwe ka wodwala wa msana ziyenera kuphunziridwa pamaso pa katswiri. Koma kuleka kutsatira wodwala nakonso n'kodula. Wa msana amene wabwerera ndi zilonda za pabedi amatenga bedi miyezi, ndipo mwana amene sanavale nsapato zake pambuyo pa pulasitala phazi limapindikanso, ntchito yonse n'kuyambiranso. Komanso sikuti tikuyamba popanda kanthu. Alangizi a zaumoyo amadziwa khomo lililonse, ndipo bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, linagwira ntchito m'midzi zaka zambiri. Ophunzira atha kuyenda m'mapazi mwawo.

Pali aphunzitsi enanso amene timawaiwala, omwe ndi anthu aulumali eni ake. Amene wayendera njinga zaka 20 amadziwa za zilonda, za minibasi ndi za chipongwe cha pa windo la chipatala kuposa buku, ndipo wosamva ndi amene angaphunzitse bwino chinenero chamanja. Mabungwe awo ali pansi pa FEDOMA, sasowa. Masukulu athu awaitane kudzaima kutsogolo kwa kalasi, awalipire ngati aphunzitsi, ndipo mawu awo awerengedwe pomukhozetsa wophunzira.