Wabwerako ku Nampula, koma mtima sunakhale pansi

Munthu akatsika sitima pa Cuamba kuchokera ku chipatala cha odwala maganizo ku Nampula, abale amati basi wachira. Chonsecho ntchito yeniyeni yatsala kumudzi.

Kuchipatala zonse zinali ndi nthawi yake: mankhwala, chakudya, tulo. Akafika kwawo ku Mandimba kapena ku Ngauma amapeza phokoso la ana, ngongole, ndi manong'onong'o a pachitsime. Mtima umayamba kugunda, m'manja thukuta, usiku tulo osabwera. Imeneyi ndi nkhawa, abale anga, sikuti misala yayambiranso. Ine pawailesi ndimakana ndithu anthu akamati amangidwe. Chingwe chimangowonjezera mantha.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi mapiritsi. Akatha, ndalama ya chapa palibe, munthu n'kungosiya, matenda n'kudzuka. Komatu sikofunika kubwerera ku Nampula kapena kuwoloka pa Chiponde kupita ku Zomba. Kuyambira 1996 dziko lathu limaphunzitsa ma técnico de psiquiatria, ndipo amapezeka m'zipatala za m'maboma. Kawafunseni mapiritsi asanathe.

Kunyumba musamubise. Mupatseni kantchito kochepa, monga kusenda chinangwa. Kumsika kapena kumaliro mupite naye, ndipo akati watopa, mubwerere limodzi osamufunsa zambiri.