DZIKO LA ANYANI: BUKU LINANENA ZINA, KANEMA ZINA

Mlimi amene amagona pa msasa kulondera cimanga angaseke atamva kuti kuli nthano m'mene anyani ndiwo amasaka anthu ndi mfuti, kuwakola m'maukonde ndi kuwatsekera m'zikwere. Nthanoyo anailemba Mfalansa, Bambo Pierre Boulle, m'caka ca 1963. Mu 1968 a ku America anaisandutsa kanema wochedwa Planet of the Apes, ndipo wosewera wamkulu anali Bambo Charlton Heston.

Koma wowerenga bukulo ndi woona kanemayo samva nkhani imodzi ai. M'buku, mtolankhani Ulysse Mérou auluka kunka ku dziko lakutali, pafupi ndi nyenyezi ya Betelgeuse, kumene anyani ali ndi mizinda, magalimoto ndi ndege. Opanga kanema anaona kuti mizinda yotere idzadya ndalama zambiri, cotero anyani awo anawapatsa akavalo ndi nyumba zonga zoumba ndi dothi. Izo nzazing'ono. Mlandu weniweni uli pa funso ili: kodi munthu anagwa bwanji?

Bambo Boulle anayankha kuti ndi ulesi. Anthu anaphunzitsa anyani nchito zonse, iwo nakhala pansi, naleka kuwerenga ndi kuganiza, kufikira anchito aja anawapirikitsa m'nyumba zawo. Mérou pothawa nabwerera ku Paris, womcingamira pa bwalo la ndege ndi nyani wamkulu wovala yunifomu.

Olemba kanema, Bambo Rod Serling ndi Bambo Michael Wilson, anayankha kuti ndi nkhondo. Zinali zaka zimene America ndi Soviet Union anali kuopsezana ndi mabomba a nyukiliya. Pomaliza, mlendo uja, amene tsopano ndi Taylor wa ku America, apeza cifanizo cochuka ca ku New York, Statue of Liberty, citakwiririka mu mcenga. Dziko limene analiyesa lacilendo ndi lakwawo lomwe. Mathero amenewa ndi amphamvu ndithu, koma anacotsa mbola ya buku. Bomba liri m'manja mwa atsogoleri owerengeka, pamene ulesi umagona pa khomo la aliyense. Woona kanema amaturuka akuloza ena cala.

Ndalama zitalowa, panatsatira makanema ena 4 kuyambira 1970 mpaka 1973. Bambo Boulle analemba nkhani yoti ikhale yaciwiri, Planet of the Men, koma eni kampani anaikana. Yawo inatha ndi kuphulitsa dziko lonse, ndipo pofuna yacitatu anacita kubweza anyani atatu ku zaka zakale kuti nkhani ipeze poyambira.

Mu 2001 Bambo Tim Burton anapanganso kanemayo ndi mathero oyandikira a m'buku: woyendetsa combo afika ku Washington, napeza apolisi onse ndi anyani. Oonerera ambiri anadandaula kuti sanamvepo kanthu.