WERENGANI MANO A NJINGA MUSANAGULE MBALE INA

Njinga zakale zothamangitsa, zija za mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa ndi matayala oonda, zimaoneka ndithu m'misewu ya cigawo ca kum'mawa, ndipo ambiri amene amazigula amakondwera nazo kufikira tsiku limene akumana ndi cikweza atamanga thumba pambuyo. Pamenepo mwini njinga amatsika nayamba kukankha, ndipo ena amafika poganiza kuti anagula cinthu cakufa. Njingayo ilibe mlandu. Inapangidwira munthu wa mpikisano wopanda katundu, woyenda pa tala, ndipo cimene cimailemetsa ndico ciwerengero ca mano a mbale zija za pa mapedulo zimene zimakoka cheni.

Njinga zambiri za mtundu uwu za m'zaka za m'ma 1970 zili ndi mbale ziwiri kutsogolo, yaikulu ya mano 52 ndi yaing'ono ya mano 42. Ngati cheni cili pa mano 42 kutsogolo ndi pa mano 24 kumbuyo, mukapalasa kamodzi njinga imayenda pafupifupi mamita 3.7. Pa cigwa zimenezi nzabwino, koma pa mapiri a ku Chipata kapena pa zikweza za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, mtunda wotere pa kupalasa kumodzi umathetsa maondo. Mutaika mbale ya mano 34 kutsogolo ndi mano 28 kumbuyo, mtundawo umatsika kufika pa mamita 2.6. Miyendo imazungulira kambiri, inde, koma mopepuka, ndipo munthu amafika pamwamba pa phiri ali pa cishalo.

Pali anyamata amene amakhulupirira kuti mbale yaikulu ndiyo liwiro. Izi nzoona kwa munthu yekhayo amene ali ndi mphamvu zoizunguza msanga, ndipo pa mseu wa fumbi munthu wotere ndi wosowa.

Apa ndi pamene ndalama za anthu zimatayika. Mbale sizilowana cisawawa. Iliyonse imamangidwa ndi mabauti, kawirikawiri asanu, ndipo mabowo ace amatalikirana mosiyanasiyana malinga ndi amene anaipanga. Musanapite ku sitolo tengani rula, muyese kucokera pakati pa bauti imodzi kufika pakati pa inzace yoyandikana nayo. Mukapeza mamilimita 85, muli ndi mtundu wakale wa Campagnolo wa ku Italy ndi ena amene anautsanzira, ndipo pamenepo mbale yaing'ono imene mungaipeze mosavuta ndi ya mano 42 yomweyo: palibe cimene mungacepetse. Mukapeza mamilimita 76, mukhoza kutsika kufika pa mano 39 kapena 38. Mukapeza mamilimita 65 ndinu amwai, pakuti pamenepo mbale ya mano 34 imalowa bwino. Njinga zina za ku France zili ndi miyeso yaoyao, ndipo mwini njinga yotere angacite bwino kumasula mbale yakale ndi kupita nayo m'manja kukayerekeza. Ngati mabowo akukanizani, cotsala ndico kusintha mkono wonse wa pedulo pamodzi ndi mbale zace, ndipo mtengo wace uyenera kufunsidwa poyamba, pakuti nthawi zina umayandikira mtengo umene munagulira njingayo.

Mbale ikasinthidwa nchito siinathe. Ngati mwacepetsanso mbale yaikulu, kacitsulo kaja kamene kamakankha cheni kucokera pa mbale ina kupita pa inzace kayenera kutsitsidwa, kuti kakhale mamilimita awiri kapena atatu cabe pamwamba pa mano. Kakakhala patali, cheni cimagwa. Cheni naco cimatalika. Pa mano anai alionse amene acotsedwa pa mbale yaikulu, mfundo ziwiri za cheni, yamkati ndi yakunja, ziyenera kudulidwa. Onaninso ngati cheni sicinathe: mfundo 24 za cheni catsopano zimakwana mainchesi 12 ndendende, ndipo zikapitirira ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a inchi, cheni cimeneco cidzadya mano a mbale yatsopano m'miyezi yowerengeka. Cheni ca njinga ya magiya ncoonda kuposa ca njinga wamba, tsono musalole wogulitsa kukupatsani ciliconse cimene cili pafupi.

Nanga awerengi athu amene ali ndi njinga zakuda za masiku onse, monga Humber, Raleigh kapena Eagle zija zinali kupangidwa ndi Luangwa Industries ku Chipata? Pa njinga izi mbale ndi imodzi, ndipo inamatiridwa ku mkono wa pedulo, kotero kuti kuisintha ndiko kugula mkono wonse ndi kukhoma kotapini. Phindu lace ndi locepa. Njinga ya mano 46 kutsogolo ndi 18 kumbuyo imayenda mamita 5.7 pa kupalasa kumodzi; mutaika mbale ya mano 44 mudzatsika kufika pa mamita 5.4 okha, ndipo mwendo sudzamva kusiyana kweni-kweni. Koma mutasiya mbale momwe iliri ndi kuika fuliwilo ya mano 22 kumbuyo, mtunda umatsika kufika pa mamita 4.7. Kwa wonyamula makala, matumba a cimanga kapena wodwala wopita ku cipatala, ife tikuona kuti njira yaciwiriyi ndiyo yanzeru, ndiponso siifuna zambiri: fuliwilo ndi mfundo ziwiri zoonjezera pa cheni.

Amene asankhabe kusintha mkono wa pedulo asamale pokhoma kotapini. Ikani citsulo ca bowo pansi pa mkonowo kuti nyundo isaphwanye mabelingi a m'kati, ndipo kotapini ya kumanja ndi ya kumanzere ziyang'ane mbali zosiyana. Zikayang'ana kumodzi mapedulo sadzalunjikana, ndipo njinga idzayenda motsimphina ngakhale zonse zili zatsopano.