NSOMBA NDI NDIWO ZA MASAMBA PA MALO AMODZI: KODI PHINDU LILIPO?

Inu amene mwatsiriza sukulu ya kwacha, tsopano mukudziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwonkhetsa. Nkhani ino ifuna zonse zitatu. Ikukamba za kuweta nsomba ndi kulima dimba pa malo amodzi, kuti ziwirizi zizidyetsana. Musanagwire khasu, tiyeni tione ngati ntchitoyi ingakubwezereni thukuta lanu.

Ulimi umenewu si wachilendo kuno

Kuweta nsomba m'boma lathu la Rumphi kudayamba kale. M'zaka za m'ma 1950 boma lidakumba maiwe ku Nchenachena poyesa kuweta nsomba za m'dziko muno. Malo ena otere adatsegulidwa ku Domasi m'boma la Zomba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, bungwe la ICLARM, limene tsopano likutchedwa WorldFish, lidayamba kugwira ntchito ndi alimi a ku Zomba pa ulimi wophatikiza dziwe ndi dimba. Pa chilala cha 1992 phindu lake lidaoneka poyera. Chimanga chidapserera m'minda, koma amene anali ndi madzi m'dziwe anathirira ndiwo, nadya, zina nagulitsa.

M'mene dziwe ndi dimba zimadyetsanirana

Mukathira manyowa a nkhuku, mbuzi kapena nkhumba m'dziwe, madzi amasanduka obiriwira. Kubiriwirako ndi tizomera ting'onoting'ono timene makumba ndi chambo zimadya. Mumawonjezera madeya ochokera ku chigayo. Nsomba ya chilunguni imadyanso masamba ofewa: nkhwani, kholowa, chisoso ndi masamba a kabichi amene mukanataya.

Tsono nsomba nazo zimabweza. Zitosi zake ndi zakudya zotsala zimasungunuka m'madzi, zina zimakhazikika pansi. Madzi amenewo mukathirira mpiru, repu kapena matimati, ndiye kuti mwathirira ndi kuthira manyowa nthawi imodzi. Mukakolola nsomba, kokololani matope akuda a pansi pa dziwe, muwayanike, muwathire m'mabedi. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Pa ulimi uwu matopewo ndi chuma, chifukwa amachepetsa feteleza wogula.

Njira ya makina

Mwina mudamvapo za njira ina imene pa Chingerezi amati aquaponics. Nsomba zimakhala m'thanki. Pampu imakoka madzi a m'thankimo kupita nawo m'mabedi a timiyala, m'mene ndiwo zimamera popanda dothi. Pa timiyalapo pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa zonyansa za nsomba kukhala chakudya cha mbewu. Mizu imayamwa chakudyacho, madzi n'kubwerera kwa nsomba ali oyera.

Njirayi imasunga madzi kwambiri ndipo imafuna malo ochepa. Koma imadya ndalama. Pafunika thanki, mapaipi, pampu, chakudya cha nsomba chogula, ndi magetsi kapena sola yokhala ndi batire. Pampu ikaima usiku wonse, nsomba zothithikana zimasowa mpweya n'kufa. Choncho njirayi iyenera munthu wa pafupi ndi tauni, wokhala ndi mpamba ndi msika wa ndiwo zodula. Kwa inu a ku Mhuju, Nchenachena kapena kumapiri a Phoka, kumene kuli timitsinje tosaphwa, dziwe lokumba ndi khasu ndilo loyambira.

Tiyeni tiwerengetse

Tengani kope lanu. Tiyerekeze kuti dziwe lanu ndi la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, kuya kwake mita imodzi. Chulukitsani 20 ndi 10. Yankho ndi 200. Mukaika ana a nsomba 2 pa mita iliyonse, mufunika ana 400.

Si onse adzakula. Ena adzafa, ena adzadyedwa ndi mbalame, ng'azi ndi akatumbu. Tinene kuti patatha miyezi 6 kapena 8 mwakolola nsomba 300. Ngati nsomba 10 zikwana kilogalamu imodzi, mwapeza makilogalamu 30.

Tsopano funsani mtengo wa kilogalamu ya nsomba zaziwisi pa msika wa pa Rumphi kapena pa Bolero, muchulukitse ndi 30. Pa ndalamazo chotsanipo zimene mudagulira ana a nsomba, madeya, ndi zimene mudalipira aganyu okumba. Mudzaona kuti chaka choyamba phindu la nsomba zokha ndi lochepa, mwinanso kulibe, pakuti kukumba kumadya zambiri. Musataye mtima. Kukumba ndi kamodzi kokha, ndipo makumba ndi chilunguni zimaswana m'dziwe momwemo, kotero mbewu ya chaka chachiwiri mudzakhala nayo kale.

Kenaka tsegulani tsamba lina, mulembe za dimba. Nsomba mumakolola kamodzi kapena kawiri pa chaka, koma mpiru ndi repu mumayamba kuthyola patangotha mwezi umodzi chiwokereni, ndipo mumathyola sabata ndi sabata. Ndalama ya mchere, sopo ndi makope a ana imachokera m'dimba. Lembaninso ndiwo ndi nsomba zimene mwadya pa banja, chifukwa mukadapanda kukhala nazo mukadagula. Mukaphatikiza masamba awiriwo ndi pamene phindu lenileni lidzaoneka.

Zoyenera kusamala

1. Madzi. Kumbani pokhapo pamene madzi saphwa ngakhale mu Okutobala, ndi pa dothi la makande losunga madzi. Musatseke mtsinje wonse. A kumunsi nawonso amamwa omwewo. Kambiranani ndi a mfumu ndi anansi anu.

2. Kuzizira. Mu Juni ndi Julaye nsomba sizidya kwambiri ndipo sizikula msanga, makamaka kumapiri. Chepetsani madeya miyezi imeneyi. Ikani ana a nsomba nyengo ikayamba kutentha.

3. Mankhwala. Musatsukire sipuleya m'dziwe kapena m'ngalande yolowetsa madzi. Mankhwala ophera tizilombo ta m'dimba ndi ta fodya amaphanso nsomba.

4. Manyowa. Lowetsani mkono m'madzi mpaka pa chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, onjezerani manyowa. Ngati chazimirira mkono usanafike pakati, kapena nsomba zikupuma pamwamba m'mamawa, lekani kuthira ndipo lowetsani madzi atsopano.

5. Akuba ndi ana. Dziwe likhale pafupi ndi nyumba, ndipo mulimangire mpanda kuti ana aang'ono asagweremo.

Yambani ndi dziwe limodzi. Pitani kwa mlangizi wa za nsomba kapena wa za ulimi wa dera lanu kuti adzaone malowo ndi kukuuzani kopeza mbewu yabwino. Popita tengani kope lanu lija.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi dimba limapereka chiyani kwa nsomba, nanga dziwe limapereka chiyani ku dimba?
2. Dziwe la mamita 15 m'litali ndi 10 m'lifupi lifunika ana a nsomba angati?
3. M'mudzi mwanu, ndi malo ati amene madzi saphwa chaka chonse?