Afisi a ku Mekelle ndi Nyengo ya Kusala Kudya

Mwana aliyense wa sukulu amadziwa fisi ngakhale asanamuone ndi maso. Amamudziwira m'nthano, m'mene fisi ali wadyera, wamantha ndi wopusa, wonyengedwa ndi kalulu tsiku ndi tsiku. Amamudziwiranso m'manong'onong'o a madzulo, onena kuti afiti amakwera pamsana pake. Tsono mwanayo akamva m'kalasi za kusunga nyama zakuthengo, maganizo ake amathamangira ku Kasungu kapena ku Liwonde, kumene kuli njovu ndi njati, pakuti amayesa kuti chinyama chiyenera kukhala kutali ndi minda ndi midzi. Koma zilipo nyama zina zimene zinasiya kudalira thengo, ndipo zikhala ndi moyo chifukwa cha anthu. Katswiri wina wa ku Ethiopia, a Gidey Yirga a pa Yunivesite ya Mekelle, anatha zaka zambiri akufufuza afisi otere, ndipo zimene anapeza nzoyenera kuti mphunzitsi azidziwe.

Mekelle ndi mzinda waukulu wa chigawo cha Tigray, kumapiri a kumpoto kwa Ethiopia. Anthu akhala akulima dziko limenelo kuyambira kale lomwe, kotero kuti nkhalango zinatha m'madera ambiri, ndipo nyama zimene fisi akadazisaka zinatha nazo pamodzi. Munthu angaganize kuti kumene kulibe mbawala fisi sangakhaleko. A Yirga ndi anzao anafuna kuwerenga afisiwo, koma kuwerenga nyama yoyenda usiku si chinthu chapafupi. Chimene anachita ndi ichi: ankapita usiku ndi chokuzira mawu, naulutsa kulira kwa nyama yogwidwa pamodzi ndi phokoso la afisi olimbirana chakudya, ndipo afisi a pafupi ankabwera kudzaona phwandolo, iwo nawawerenga ndi nyali. M'boma la Wukro, kumpoto kwa Mekelle, afisi 117 anayankha kuitanako. Atawerengera kutalika kumene mawuwo ankafika, anapeza kuti m'bomalo munali afisi ngati 535, ndiko kunena afisi 52 pa dera la makilomita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Pa dera lomwelo pankakhala anthu ngati 9,800. Zimenezi zinasindikizidwa m'chaka cha 2013.

Nanga afisi ochuluka chotere ankadya chiyani? Yankho lili m'ndowe zao. Fisi amatafuna mafupa nawagaya m'mimba, nchifukwa chake ndowe zake zikauma zimayera ngati njereza. Koma ubweya sagaya. Munthu akatola ndowezo, nazitsuka, natenga ubweya ndi kuuika pansi pa galasi lokulitsa zinthu, angathe kuzindikira mwini wake, popeza ubweya wa mbuzi ndi wa bulu ndi wa ng'ombe uli ndi maonekedwe osiyana. Mwa ndowe 211 za ku Wukro, zitatu zokha ndizo zinali ndi ubweya wa nyama zakuthengo, kalulu ndi nungu. Zina zonse zinali za ziweto.

Apa mlimi anganene msanga kuti mlandu watha, fisi ndi mbala. Koma ofufuzawo atafunsa eni ziweto khomo ndi khomo, anapeza kuti banja limodzi linkataya chiweto chimodzi kwa fisi pa zaka pafupifupi 8. Afisi mazana asanu sangakhute ndi zimenezo. Chakudya chao chenicheni chinali kudzala: matumbo ndi mafupa otayidwa ndi opha nyama, ziweto zofa ndi matenda kapena ukalamba, ndi zotsala za m'makomo. Ichi nchosiyana ndi afisi a m'malo osungira nyama. A Hans Kruuk, amene anawafufuza ku Serengeti ndi ku Ngorongoro m'dziko la Tanzania m'zaka za m'ma 1960, anaonetsa kuti kumeneko afisi amadzisakira okha nyama zambiri, ndipo kawirikawiri mkango ndiwo umawalanda. Mtundu wa fisi ndi womwewo, wamawangamawanga uja. Chosiyana ndi chimene dziko limpatsa.

Ntchito ya a Yirga yodziwika koposa inachokera pa mwambo wa chipembedzo. Anthu ambiri a ku Tigray ndi a mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia, ndipo mpingo umenewu usala kudya masiku 55 Pasaka asanafike. M'masiku onsewo okhulupirira sadya nyama, mkaka kapena mazira. Opha nyama ambiri amatseka zitseko zao, ndipo kudzala kumachepa zotaya. Motero anthu eni ake, osadziwa, chaka ndi chaka amachita chimene wofufuza akadalakalaka kuchita koma sakadatha: amamana afisi a mzinda wonse chakudya kwa masabata asanu ndi atatu, kenaka nawabwezeranso.

A Yirga anatola ndowe 553 m'madera ozungulira Mekelle pa nthawi zitatu: tsiku loyamba la kusala, kuti aone zimene afisi ankadya kusala kusanayambe, tsiku lotsiriza, ndiponso patapita masiku ena 55. Kusala kusanayambe, ubweya wa bulu unali magawo 14.8 mwa magawo 100. M'nyengo ya kusala unakwera kufika 33.1, ndipo Pasaka atapita unatsikanso kufika 22.2. Afisi, ataona kuti kudzala kwauma, anatembenukira kwa abulu, amene eni ake kawirikawiri ankawasiya kunja usiku pamene ng'ombe ndi mbuzi zili m'khola. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 2012 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Journal of Animal Ecology.

Wowerenga wochenjera aona kuti ubweya sunena ngati buluyo anagwidwa wamoyo kapena anapezedwa atafa kale, makamaka popeza anthu a kumeneko sadya nyama ya bulu ndipo wakufa amangomutaya. Komabe palibe chifukwa choti abulu azifa okha mochuluka m'masiku a kusala ndi kuleka kufa Pasaka atapita, ndipo nchifukwa chake ofufuzawo anaweruza kuti afisi anayamba kusaka. Kaganizidwe kotere, kofunsa chimene chasintha ndi chimene sichinasinthe, ana a Sitandade 7 angakamvetse bwino lomwe atapatsidwa manambala atatu aja pa bolodi.

Funso lina linatsala: kodi anthu a mumzinda apindulanji ndi oyendayenda a usikuwa? M'chaka cha 2019 a Chinmay Sonawane, mothandizana ndi a Yirga ndi a Neil Carter a ku Michigan, anakhala usiku wambiri pa malo otayira zinyalala a ku Mekelle akuyang'ana zimene afisi ankadya. M'lipoti lao la 2021 anawerengera kuti fisi mmodzi ankatha pafupifupi tani imodzi ya nyama zakufa pa chaka, ndipo onse pamodzi matani 207. Nyama yakufa ikagona pamtunda imafalitsa matenda, makamaka anthrax, amene tizilombo take tingakhale m'dothi zaka zambirimbiri, ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe, chimene chigwiranso anthu. Monga mwa kuwerengera kwao, afisi ankapulumutsa anthu 5 ndi ziweto 140 ku matenda awiriwa chaka chilichonse. Manambalawa anatuluka m'masamu, sanawerengedwe m'chipatala, pakuti munthu amene sanadwale sangalozedwe ndi chala. Ndiponso onse ndi a nthawi imene nkhondo ya ku Tigray ya 2020 mpaka 2022 inali isanayambe. Ngakhale zili choncho, matani 207 a zowola ndi katundu amene akuluakulu a mzinda akadayenera kumulembera antchito ndi magalimoto.

Phindu limeneli ligwera mzinda wonse, koma mtengo wake ulipidwa ndi munthu mmodzi, mwini bulu uja, amene mwina buluyo ndiye ankamutungira madzi ndi kumusenzera katundu kumsika. Kumuuza munthu wotere za matani ndi kumuseka. Chimene kafukufukuyu amuthandiza nacho ndi chakuti tsoka lake lili ndi nyengo yodziwika, ndipo khola lolimba m'masiku 55 amenewo lingachite zambiri koposa chiphe. Chiphe chimapha fisi, koma chimaphanso agalu ndi miimba imene idzatera pa nyama yomweyo, ndipo zowola zija zimatsala pomwepo popanda wozichotsa. Momwemonso mzinda umene ufuna kukwirira zinyalala zake zonse mwadzidzidzi, chinthu chabwino ndithu pa umoyo wa anthu, uyenera kuyamba waganizira kumene afisi anjala adzalowera usiku wotsatira.

Kuno ku Malawi nkhani yotere si yachilendo. Ku chigwa cha Phalombe, pafupi ndi phiri la Michesi, afisi anapha anthu 5 mu 1956, ena 5 mu 1957, 6 mu 1958, ndipo mu 1961 anapha 8. Imfa zambiri zinkachitika mwezi wa September, pamene anthu ankagona pakhonde chifukwa cha kutentha, ndiponso moto wa lupsa utapsereza tchire ndi kubalalitsa nyama zimene afisi ankasaka. Anthu amene afotokoza imfa zotere ndi ufiti asiya funso lofunika, lakuti chifukwa ninji mwezi umenewo osati wina. Mumzinda wa Lilongwe namonso muli afisi okhala pakati pa nyumba za anthu, ndipo bungwe la Carnivore Research Malawi linayamba kuwafufuza m'zaka za m'ma 2010, kuwajambula ndi makamera a usiku ndi kutola ndowe zao kuti lione ubweya uli m'menemo, monga momwe a Yirga anachitira ku Mekelle.